Kujambula pamwamba pa chojambula cha munthu wina

M'masitolo ogulitsa katundu wogwiritsidwa kale ntchito simusowa zojambula zounjikidwa pakona: nyanja yabata yozunguliridwa ndi mapiri, kanyumba kofuka utsi, maluwa ali m'mphika, ana amaso aakuluakulu. Anthu ambiri amangozidutsa chifukwa n'zokometseredwa mopyola muyezo ndiponso zimafanana zonse, koma ine ndimaziona ngati bwalo lokonzedwa kale limene likungodikira kuti pachitike kanthu. Luso lojambula pamwamba pa zojambula zoterezi si la lero. Mu 1959 Asger Jorn wa ku Denmark anaonetsa ku Paris zojambula zimene anagula m'misika ya zinthu zakale n'kuzipakanso penti, ndipo pa chimodzi mwa izo anaikapo mwana wa bakha wamkulu kuposa nyumba imene ili pambali pake. Jorn ankapaka mwaukali kuti aliyense aone kuti papita manja a anthu awiri. Ine ndimatsata njira ina, yofanana ndi ya Wayne White wa ku America, amene amalemba mawu akuluakulu pakati pa mitengo ndi mitsinje ya pa zithunzi zakale n'kuwapatsa mithunzi yawo, moti amaoneka ngati anaimikidwa pamalopo kuyambira kale. Chimene ndawonjezera chiyenera kumvera kuwala ndi mitundu ya chojambula chakalecho.

Ndisanagwire burashi, ndimayamba ndafufuza chimene ndagula. Ndimachotsa chojambulacho mu fulemu, ndimawerenga dzina limene lasainidwa pakona pamodzi ndi zolembedwa zonse za kumbuyo, kenako ndimazifufuza pa intaneti. Sindidumpha sitepe imeneyi, chifukwa chojambula china chimene chinagulidwa motchipa kwambiri m'sitolo yotereyi ku New Hampshire mu 2017 chinadzadziwika pambuyo pake kuti ndi cha N. C. Wyeth. Ndikaona kuti ntchitoyo ili ndi mbiri, kapena kuti inajambulidwa mwaluso lenileni, ndimaisiya momwe iliri. Nthawi zambiri galasi lokulitsira zinthu limandithetsera nkhawa msanga, popeza timadontho tating'onoting'ono tondandalikana bwino timasonyeza kuti chithunzicho chinasindikizidwa ndi makina pa katoni, ndipo zofanana nacho zilipo zambirimbiri.

Chikakhala chojambulidwa ndi manja, ndimafuna kudziwa mtundu wa penti. Ndimanyowetsa kathonje ndi spiriti wotchedwa isopropyl alcohol n'kupukuta pang'ono m'mphepete mobisika ndi fulemu. Penti wa acrylic amafewa n'kutsalira pathonjepo, pamene penti wamafuta wouma kalekale sasintha kwenikweni. Kudziwa zimenezi n'kofunika chifukwa penti wamafuta amagwira bwino pamwamba pa acrylic, koma acrylic wopakidwa pamwamba pa penti wamafuta amatha kusupuka pakapita nthawi. Choncho mafuta ndimawayankha ndi mafuta okhaokha. Fumbi ndimalichotsa ndi burashi yofewa yowuma. Pa chithunzi chosindikizidwa, chimene kawirikawiri chimakhala choterera, ndimapaka gesso woonekera mkati, amene ndi utoto woyambira pansi, kuti penti apeze pogwira, ndipo ndimamupaka mopyapyala kuti katoni isanyowe n'kupindika. Chojambula chakale chamafuta sindichikwecha ndi sandipepa, chifukwa penti woyera wakale ankapangidwa ndi mtovu, ndipo fumbi lake ndi lowononga thupi likapumidwa.

Chimene ndamaliza posachedwapa chinali cha nyanja ndi mapiri, dzuwa likulowa kudzanja lamanzere, ndipo ndinaganiza zoikamo kamba wamkulu ngati chilumba akuwoloka pakati pa madzi. Ndinayala pulasitiki yoonekera pamwamba pa chithunzicho n'kujambulapo kambayo, ndikumusuntha uku ndi uku mpaka ndinapeza malo amene sankabisa kanyumba ka m'mphepete mwa nyanja, chifukwa kanyumbako ndi kamene kamauza diso kuti nyamayi ndi yaikulu motani. Nditakhutira, ndinasamutsira mizereyo pachithunzi ndi choko, amene amapukutika mosavuta.

Gawo limene limandidyera nthawi, ndiponso limene ndimalikonda koposa, ndi la kusakaniza mitundu. Penti wongotuluka m'chubu amawala kwambiri, pamene mitundu ya chithunzi chimene chakhala pakhoma zaka zambiri imakhala itazirala, ndipo vanishi wake amakhala atachita chikasu. Kamba wobiriwira bwinobwino akanaoneka ngati womatidwa. N'chifukwa chake mtundu uliwonse ndimausakaniza ndi kachidutswa ka raw umber (penti wa mtundu wa dothi lodera) kapena ka mtundu wotsutsana nawo, ndikuuyesa pa kapepala kamene ndimakagwirizitsa pafupi ndi chithunzicho mpaka malire a ziwirizi atasiya kuoneka. Acrylic amada pang'ono akauma, choncho ndimadikira kuti kapepalako kaume ndisanagamule. Kubiriwira kwa chigoba ndinakutenga ku mitengo ya kutsidya, ndipo kufiira kwa mitambo ndinakuika m'mphepete mwa mutu ndi phewa lakumanzere, kumene dzuwa likanagunda. Mbali yakumanja ndinaidetsa ndi buluu wa m'mapiri, osati ndi penti wakuda, chifukwa wojambula woyambayo sanagwiritse ntchito wakuda paliponse. Ndinayang'ananso kayendetsedwe ka burashi yake. Iye ankapanga madzi ndi timizere tatifupi topingasa, ndipo ine ndinachita chimodzimodzi pojambula chithunzithunzi cha kamba m'madzi, ndikudula m'munsi mwa chigoba ndi timafunde toyera kuti nyamayo imire ndithu m'nyanjamo. Pomaliza ndinapaka utoto wamadzimadzi wotuwa pa miyendo yakumbuyo, popeza zinthu zakutali zimaoneka zozimirira kuposa zapafupi.

Dzina la wojambula woyamba sindilifufuta. Ena amalikwirira, koma ine ndimaona kuti kutero n'kulanda ntchito ya munthu amene anandikonzera thambo, mapiri ndi madzi, ndipo ndimasaina langa pakona ina, m'zilembo zosaposa zake.

Penti watsopano sanyezimira mofanana ndi wakale, ndipo kusiyana kumeneku kumaonekera munthu akangoyang'ana chithunzicho cham'mbali. Vanishi wopakidwa pa chithunzi chonse amathetsa vutoli. Pa acrylic ndimadikira masiku angapo, koma penti wamafuta amafunika miyezi 6 mpaka 12 kuti aume mokwanira asanapakidwe vanishi wokhalitsa. Fulemu ndimangoitsuka ndi kumata molumikizira mwake ngati mwatayana, chifukwa golide wake wothethekayo amathandiza kuti chithunzicho chioneke chakale monga chinalili. Ndikabwezeretsa chojambulacho, ndimasintha waya wokolekera ngati wachita dzimbiri, kenako ndimalemba kumbuyo dzina la wojambula woyamba ngati likuwerengeka, langa, chaka chimene ndawonjezerapo, ndi mtundu wa penti ndi vanishi amene ndagwiritsa ntchito, kuti amene adzafune kuchitsuka kapena kuchikonza m'tsogolo adzadziwe mankhwala oyenera kugwiritsa ntchito.