Za bekale ya ku Copenhagen ya chaka cha 1652 ndi anthu odzuka pakati pa usiku

Kuno ku Denmark bekale simuchita kufunsa kuti ili pati. Mumangoyang'ana m'mwamba mukamayenda mu msewu, mukaona chinthu cha mtundu wa golide chopindidwa mfundo chikulendewera pamwamba pa khomo, nthawi zina chili ndi chisoti cha mfumu, dziwani kuti mwafika. Amachitcha kringle, ndi chizindikiro cha gulu la ophika buledi kuyambira kalekale, ndipo mpaka pano mabekale achikale sanachichotse.

Ine yomwe imandikoka mtima kwambiri ndi Sankt Peders Bageri, ili mu kamsewu kotchedwa Sankt Peders Stræde pakatikati pa Copenhagen, kufupi ndi nyumba zakale za yunivesite. Imadziwika kuti ndi yakale kuposa mabekale onse a mu mzindawu, mbiri yake imayambira mu 1652, nthawi ya mfumu Frederik wachitatu. Tangoganizani abale, Copenhagen inapsa ndi moto waukulu mu 1728, inapsanso mu 1795, kenako mu 1807 asilikali a ku Britain anaiphulitsa ndi mabomba, nyumba kugwa, kumangidwanso, eni bizinesi kumasinthana, koma mu kamsewu kameneka anthu akukandabe ufa. Malo ake ndi ochepa, mulibe zodzionetsera. Lachitatu ndiye pamakhala mzere mpaka panja chifukwa tsiku limeneli amaphika onsdagssnegle, mabanzi akuluakulu a sinamoni opindidwa mozungulira, ana asukulu a pa yunivesite, anthu a mu maofesi, alendo, onse pamzere umodzi njinga zili mbweee m'mbali mwa khoma.

Komatu alendo ambiri amabwera kufuna zotsekemera zokhazokha, pamene mtima wa bekale ya chi Danish uli pa shelefu ya kumbuyo kuja, pomwe pamakhala rugbrød. Ameneyu ndi buledi wakuda, wolemera, wowawasa pang'ono, wopangidwa ndi ufa wa rye, mbewu yofanana ndi tirigu koma yopirira kuzizira komanso dothi lamchenga losauka, nde chifukwa chake alimi a kuno ankaidalira pamene buledi woyera wa tirigu anali wa anthu olemera ndi wa pa zisangalalo. Kwa munthu wa kuno rugbrød ali ngati nsima kwa ife, akakhala kunja kwa dziko masiku angapo amayamba kumulakalaka. Ana amatenga ku sukulu, akuluakulu ku ntchito, amadula mopyapyala nkupaka batala nkuikapo nsomba ya herring, kapena mazira, kapena mbatata ya kachewere yophika, kapena chiwindi chopera, ndiye smørrebrød yotchuka ija. Wophika weniweni safufumitsa buledi ameneyu ndi yisiti wa mpaketi yekha ayi, amasunga ufa wowawasa wamoyo womwe amaudyetsa ufa watsopano ndi madzi, nkumatapako pang'ono nthawi iliyonse yophika, ndipo buledi wake amafuna nthawi, simungamuthamangitse.

Za zotsekemerazo zilinso ndi mbiri yake. Zomwe ku Britain ndi ku America amazitcha za chi Danish, kuno amati wienerbrød, buledi wa ku Vienna. Nkhani yomwe anthu amakonda kufotokoza ndi yoti mu 1850 antchito a m'mabekale ananyanyala ntchito, eni ake nkuitanitsa ophika a kunja, ena ochokera ku Austria, ndipo iwowa anabwera ndi luso lopinda batala mkati mwa ufa wokanda. Sitalaka itatha a kuno anapitiriza lusolo nkuwonjezera mafuta ndi mazira mwa kukonda kwawo. Kapangidwe kake nkomwe kamandichititsa kuwapatsa ulemu anthu amenewa, amayala ufa wokanda, kuika batala wozizira pakati, kupinda patatu, kuupumitsa mu filiji, kuyalanso, kupindanso patatu, kenako kachitatu, mpaka mukhale magawo 27, ndipo batalayo akangofunda pang'ono amalowerera mu ufa ntchito yonse yawonongeka, akazizira kwambiri amasweka. Mu uvuni madzi a mu batala uja amasanduka nthunzi nkumakankha magawowo, ndi chifukwa chake mukaluma zimayoyoka. Pa ufa umodzimodziwu amapanga spandauer ya kasitadi pakati, tebirkes ya tinjere ta poppy pamwamba, ndi zina zambiri, mkati amaikamo remonce, batala wosakaniza ndi shuga. Zotsala za dzulo sataya, amazipera ndi koko ndi jamu ndi kafungo ka ramu nkuumba timipira totchedwa romkugler, ana amatikonda zedi.

Kale munthu sunkangodzuka nkutsegula bekale chifukwa uli ndi ndalama. Ntchitoyi inali m'manja mwa gulu la ophika buledi la mu tawuni. Mnyamata ankayamba ngati wophunzira, amagona pa nyumba ya bwana wake, kuwaza nkhuni, kusonkha moto, kunyamula matumba a ufa kwa zaka, kenako nkuyesedwa mayeso a manja kuti akhale svend, wantchito wodziwa, ndipo ambiri akafika apa ankanyamula kachikwama nkumayenda m'matawuni ngakhale m'maiko ena kukaphunzira kwa ophika ena, pomaliza ndiye nkudzakhala mester, mwini bekale. Dongosololi linali ndi zoipa zake, tisanamizane, linkatsekereza anthu osauka ndi obwera, mwana wa mester kapena wokwatira mkazi wamasiye wa mester ndi yemwe njira inkamutsegukira mosavuta. Lamulo la ufulu wa malonda la 1857, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira mu 1862, ndi lomwe linathyola mphamvu ya magulu amenewa. Koma chinthu chimodzi a Danish sanachitaye, mpaka lero wofuna kukhala wophika buledi amaphunzira zaka zingapo, nthawi ina ku sukulu ya ntchito zamanja nthawi ina mu bekale akulandira kamalipiro, ndipo amamaliza ndi mayeso a svend omwe aja. Ine apa mpomwe ndimaona chifukwa chake buledi wa kuno ali chonchi, kuphika amakutenga ngati ntchito yophunzira yokhala ndi ulemu wake, osati ganyu ya munthu yemwe sukulu inamukanika.

Ngakhale kalendala ya dziko lino imadutsa mu bekale. Pa chikondwerero cha Fastelavn, milungu isanu ndi iwiri Pasaka isanafike, mawindo onse amadzadza ndi fastelavnsboller, mabanzi a kirimu. Koma yomwe imandikhudza ndi ya Store Bededag, tsiku lalikulu la mapemphero lomwe linakhazikitsidwa mu 1686 mothandizidwa ndi bishopu Hans Bagger, Lachisanu lachinayi Pasaka ikadutsa. Tsiku limeneli palibe ankaloledwa kugwira ntchito, ophika buledi omwe, nde ankaphikiratu mabanzi a tirigu otchedwa hveder Lachinayi kuti anthu akafunditse mawa lake, koma anthu anazolowera kumangodya madzulo omwewo ali otentha ndi batala. Mu 2023 nyumba ya malamulo inavota kuti holideyi ithe kuyambira 2024, boma linkafuna ndalama zoonjezera ku chitetezo, mabungwe a antchito ndi atsogoleri a mpingo anakana koma zinatheka ndithu. Holide inapita, koma Lachinayi lake madzulo anthu akumagulabe hveder.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi ichi. Masupamaketi ndi malo omwetsera mafuta masiku ano amagulitsa mabanzi otentha m'mawa uliwonse, ufa wake umabwera wokandakanda kale kuchokera ku fakitale uli wouma ndi chisanu, wantchito amangoika mu uvuni nkudina batani, mtengo wotsika, ndipo munthu wothamangira ku ntchito simungamudzudzule kuti wagula pamenepo. Nde mabekale ambiri a m'matawuni ang'onoang'ono akhala akutseka, ena chifukwa cha mtengo wa magetsi ndi batala, ena chifukwa mester wakalamba ndipo palibe wachinyamata wofuna kumadzuka cha m'ma 2 kapena 3 koloko usiku pamene anzake ali mtulo, Loweruka ndi Lamlungu lomwe, nyengo yozizira kunja kuli mdima wa bii. Bekale ikatseka mu tawuni sikuti kwangosowa buledi, malo ophunzirira mnyamata kapena mtsikana wotsatira apitanso, ndipo luso lozindikira ndi zala kuti ufa wafufuma mokwanira silimalembedwa mu buku.

Nzoona ku Copenhagen kwabuka mabekale atsopano otchuka, Juno ku dera la Østerbro, Hart yomwe Richard Hart anatsegula mu 2018, ndipo Lagkagehuset inakula mpaka kufika ku London ndi dzina la Ole & Steen. Buledi wawo ndi wabwino, sindingakane, ndipo achinyamata ena ayambanso kuisirira ntchitoyi chifukwa cha iwowa, zomwe zimandisangalatsa kwambiri. Koma banzi imodzi ya kumeneko mtengo wake si wa banja lomwe likufuna buledi tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri mwa iwo aunjikana m'mizinda ikuluikulu. Agogo a ku mudzi wa ku Jylland, chigawo cha kumadzulo kwa dziko lino, omwe bekale yawo inatseka sizikuwathandiza kanthu.

Ine rugbrød wanga ndimagula kwa wophika wa m'dera lathu, theka la buledi, amandidulira pa makina pomwepo. Ndi wodula kuposa wa mpaketi, koma amakhala sabata yathunthu osaonongeka, ndipo kuseri kwa kauntala kuja ndimaona kamtsikana kovala epuloni yoyera kakuphunzira kupinda batala.