Thonje wakhazikika masekondi 15 lero

Lero m'mawa Thonje, mphaka wanga, waika chibwano pa thaulo n'kukhala phee masekondi 15, ine n'kumupaka mafuta pamphuno osathawa. Ndinakuwa mpaka mayi a kunyumba anatulukira kukhitchini ndi mthiko m'manja, kuganiza kuti wandikanda.

Kwa amene simunaone zomwe ndinalemba mwezi watha: dokotala wa ziweto anapeza kuti tinkhanambo tija pamphuno ndi m'nsonga za makutu ndi chiyambi cha khansa ya pakhungu yotchedwa squamous cell carcinoma. Anaumitsa tinkhanamboto ndi liquid nitrogen (mankhwala amadzi ozizira koopsa), nati tsiku lililonse azidzola mafuta oteteza ku dzuwa. Mphaka woyera mbee, wa mphuno yofiirira, pa dzuwa la kuno ku Johannesburg komwe tili pamtunda wa mamita oposa 1,700, n'zosadabwitsa. Ndipo chonde musatenge mafuta anu a anthu, ambiri muli zinc oxide, mphaka akanyambita amadwala.

Chimene chandidyera masiku 9 n'chivindikiro cha chubu cha mafutawo. Chin rest (kuika chibwano pa thaulo n'kukhala phee) anali ataigwira kale, clicker (kachida kolira komwe ndimadina pomudziwitsa kuti wachita bwino, mphotho ikubwera) ikuyenda bwino. Koma tsiku loyamba ndinatsegula chubu ali pomwepo, "thwa!", kenako chala chozizira pabala. Basi. Kuyambira pamenepo akangomva kaphokoso kaja, ulendo wa kunsi kwa bedi. Ine ndinkaganiza kuti vuto ndi fungo. Ndinasintha mafuta, ndinasintha thaulo, ndinasintha chipinda, ndinabwerera ku masekondi awiri ngati tikuyamba kumene. Lachisanu mwana wanga akutsegula mankhwala otsukira mano kubafa, Thonje n'kuthawa ali pabalaza. M'pamene ndinazindikira. Tsopano ndimafinyira mafuta pachala ndili panja, chitseko chotseka, n'kudikira atenthe pang'ono. Cholakwa china chinali changa: ndinkadina clicker ndikangopaka, iye n'kudzuka n'kunyambita zonse. Pano ndimadina mochedwa, mphotho n'kubwera pa supuni kuti lilime litanganidwe.

Mphotho yake ndi chiwindi cha nkhuku chowiritsa n'kusinja, pang'ono pokha. Ndimagula kwa bambo wina wa butchala kumsika, amene amandisungira cha tsiku lomwelo. Zam'mapaketi zija Thonje amangonunkhiza n'kundiyang'ana ngati ndamutukwana. Chiwindi chomwechi n'chimene chinandithandiza chaka chatha pomuphunzitsa kulowa yekha m'kabokosi konyamulira.

Usiku wina nditatopa ndinakumbukira Chaos, mkango wa ku malo osungira nyama a Lory Park ku Midrand. Mu 2019, ali ndi zaka 16, naye anapezeka ndi khansa ya pakhungu pamphuno, ndipo anamutengera ku chipatala cha anthu cha Muelmed ku Pretoria kukalandira radiation (cheza chotentha khansa), atamugonetsa ndi mankhwala, atamangidwa pa machira. Mphuno yomweyo, dzuwa lomwelo, koma chilombo choti simungachigwire pakhosi n'kuchipaka mafuta. N'chifukwa chake osamalira mikango amaiphunzitsa ndi njira yathu yomweyi, mpaka mkango kumatulutsa wokha mchira pa waya kuti autenge magazi.

Sabata yamawa ndiyesa makutu, ngakhale khutu lamanzere salola n'komwe kulikhudza. Ndikufunanso kutchinga khonde lonse ndi shade net (ukonde wotchinga dzuwa) kuti azigona panja masana. Zikayenda, ndilembera malo ena osungira mikango ndione ngati angalandire munthu wodzipereka wa Loweruka. Mayi a kunyumba akuti ndiyambe ndamaliza kaye khondelo.