Masainasi osatha ndi thupi lofooka: ndondomeko yomwe ndimatsata

Chimfine wamba chimatha pa sabata imodzi kapena ziwiri. Koma mphuno ikakhala yotseka kwa masabata 12 kapena kupitirira apo, mamina akutuluka kapena kutsikira kukhosi, masaya ndi chipumi zikulemera, fungo la ndiwo osalimvanso, madokotala amati amenewo ndi masainasi okhalitsa. Sadikira kuti zizindikiro zonse zinayi zipezeke. Ziwiri zimakwana, bola chimodzi chikhale kutseka kwa mphuno kapena mamina. Ambiri a ife amene tili ndi vutoli timadzukanso m'mawa thupi lili lofooka ngati sitinagone, ndipo pamenepa ndi pomwe timasokonekera: kutopa konse timakukankhira ku masainasi, n'kusiya kufufuza zina. Ine ndimazitenga ngati nkhani ziwiri. Mphuno ndimaisamalira tsiku lililonse kunyumba, kutopa ndimakuyezetsa pakokha kuchipatala.

Masainasi ndi timapanga ta mpweya m'mafupa a nkhope: m'masaya, pachipumi, pakati pa maso, ndi ena mkati kuseri kwa mphuno. Amapanga mamina nthawi zonse, ndipo titsitsi tosaoneka ndi maso timawakankhira kunja kudzera m'tizibowo tating'ono kwambiri. Mkati mwa mphuno mukatupa, tizibowoto timatsekeka, mamina amadikha n'kulimba. Choncho gwero la vuto lokhalitsa nthawi zambiri ndi kutupa, osati tizilombo. N'chifukwa chake amoxicillin kapena Bactrim wogula pagolosale sathetsa kanthu. Munthu amamva bwino masiku ochepa, kenako zimabwerera momwemo.

Ntchito yoyamba ndi kutsuka m'mphuno ndi madzi amchere, ndipo apa ndifotokoza mwatsatanetsatane chifukwa ambiri amasiya atachita molakwika kamodzi.

Ndimawiritsa madzi mpaka abwate kwa mphindi 3 mpaka 5, kenako ndimawasiya azizire atavindikiridwa. Madzi apampopi, apamjigo kapena apachitsime osawiritsa salowa m'mphuno mwanga ngakhale atakhala abwino kumwa. Tizilombo tina timafa ndi asidi wa m'mimba, koma tikalowera m'mphuno tingafike ku ubongo. Sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika zimapha. Mu theka la lita, ndiye kuti botolo la 500 ml, ndimathira supuni ya tiyi imodzi ya mchere wosalala, yosefukira ayi, yodula pamwamba ndi mpeni. Ndimawonjezera theka la supuni ya soda, yemwe uja timathira m'therere, wa m'paketi. Chidulo ayi, chimawotcha. Soda amachepetsa kuyabwa. Mchere ukachuluka m'mphuno mumawawa, ndipo ukachepa kwambiri mumawawanso, ngati mmene zimakhalira madzi akakulowa m'mphuno posambira kunyanja. Madziwo akhale ofunda pang'ono, oti mukadonthezera pamkono musamve kutentha. Otsala ndimataya pakatha maola 24.

Chothirira chake chingakhale botolo lofinya lomwe amagulitsa ku pharmacy, kapena sirinji yaikulu ya 50 ml yopanda singano. Ndimawerama pabeseni, nkhope ikuyang'ana pansi, mutu ndimaupendeketsa pang'ono, kukamwa kuli kotsegula ndipo ndikupumira pakamwapo. Nsonga ya sirinji ndimailowetsa pang'ono m'bowo la mphuno lomwe lili kumwamba, kuilozetsa chakumbuyo kwa mutu osati kumwamba kwa maso, n'kukankha pang'onopang'ono. Madzi amatulukira bowo linalo, ena amagwera m'kamwa, ndimangolavula. Mbali iliyonse imalandira pafupifupi 120 ml. Madzi ochepa opopera ngati nthunzi amangonyowetsa, satsuka. Ndikatha ndimamina mofatsa, bowo limodzi limodzi. Kumina mwamphamvu kapena kukankha sirinji mwaukali kumapititsa madzi kukhutu, khutu n'kutseka tsiku lonse. Ngati khutu likupweteka kale, kapena bowo limodzi latsekeratu moti madzi sakudutsa, tsiku limenelo ndimalekeza. Ndimatsuka m'mawa ndi madzulo, koma osati pogona penipeni, chifukwa madzi otsalira amatuluka mochedwa n'kumakutsokomoletsa usiku. Ola limodzi musanagone ndi bwino. Sirinji ndimaitsuka ndi sopo, kuitsukuluza ndi madzi owiritsa omwewo, n'kuiyanika itamasulidwa.

Pakapita mphindi 15 kuchokera potsuka m'pamene ndimapopera mankhwala ochepetsa kutupa, omwe a dokotala amalemba: beclometasone, fluticasone kapena mometasone. Mukayamba ndi kupopera kenako n'kutsuka, mankhwala onse amathera m'beseni. Mometasone kwa munthu wamkulu kawirikawiri amakhala mapopedwe awiri bowo lililonse kamodzi patsiku, beclometasone mapopedwe awiri kawiri patsiku, koma tsatani zomwe akulemberani. Kapoperedwe kake: gwedezani botolo, weramitsani mutu pang'ono, dzanja lamanja lipopere bowo lakumanzere, lamanzere lipopere lakumanja. Mukatero nsonga imaloza chakukhutu, kutali ndi khoma lapakati pa mphuno. Anthu amene amati mankhwalawa amatulutsa kamfuno, ambiri amakhala akuwapopera pakhoma limeneli tsiku ndi tsiku. Musakokere mpweya mwamphamvu. Mukamva kuwawa kwa mankhwala kukhosi, dziwani kuti apitirira malo ake. Satsegula mphuno nthawi yomweyo. Kusintha kumayamba kumveka pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo ndimawapatsa masabata 8 mpaka 12 osadumphitsa ndisananene kuti alephera. Amene mukumwa ma ARV okhala ndi ritonavir, monga atazanavir kapena lopinavir, muwauze a dokotala asanakulembereni. Ritonavir amachititsa kuti fluticasone ndi mometasone achulukane m'magazi, ndipo beclometasone ndi amene amasankhidwa m'malo mwake.

Pali mankhwala awiri omwe ndimawachotsa m'nyumba ndisanayambe zonsezi. Oyamba ndi odonthezera otsegula mphuno pompopompo, xylometazoline kapena oxymetazoline. Amagwira bwino kwambiri, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Mukapitirira masiku 5, mphuno imayamba kutupa mankhwala akangotha mphamvu, n'kumafuna ena, mpaka munthu amayenda ndi kabotolo m'thumba chaka chonse. Posiya, yambani bowo limodzi, linalo lizipumabe, ndipo yembekezani sabata imodzi kapena ziwiri zovuta. Achiwiri ndi Piriton ndi mankhwala a chimfine osakaniza omwe ali ndi chlorpheniramine. Amagonetsa, ndipo tulo take timapitirira mpaka tsiku lotsatira. Munthu amene amamwa Piriton usiku uliwonse n'kumadandaula kutopa kosadziwika, ayambe wasiya kaye. Ngati pali kuyetsemula ndi kuyabwa kwa maso, cetirizine kapena loratadine wa 10 mg kamodzi patsiku sagonetsa kwambiri. Ena mwa mankhwala osakanizawo alinso ndi pseudoephedrine, yemwe amasowetsa tulo ndi kukweza BP.

Kudzifukiza ndi nthunzi ya masamba a bulugamu kumapepuza kwa kanthawi, koma sikuchotsa kutupa, ndipo madzi otenthawo apsereza ana ambiri. Sindikuwerengera ngati chithandizo.

Ndimasunganso kakope. Tsiku lililonse ndimalemba manambala awiri kuyambira 0 mpaka 10, ina ya mphuno, ina ya kutopa, ndi mawu ochepa a komwe ndinali. Pakatha mwezi zimaoneka zokha. Ena zimawavuta mu Juni ndi Julayi nthawi ya chiperoni, ena kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala fumbi ndi utsi wa tchire zikachuluka, ena nthawi ya dzinja makoma akachita chuku. Utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda zenera, mbaula m'nyumba, koyilo ya udzudzu, fumbi la kuchigayo, kusankha fodya m'chigafa, fodya wa mphuno, kusesa pouma: zonsezi zimatupitsa. Zina n'zosapeweka, koma kuwaza madzi musanasese, kuyatsira mbaula panja, kugona m'neti m'malo mwa koyilo, ndi kuchapa zofunda n'kuziyanika padzuwa zimatheka. Ndimasintha chinthu chimodzi pa masabata awiri, apo ayi sindingadziwe chomwe chathandiza. Phindu lalikulu la kakope ndi ili: ngati nambala ya mphuno ikutsika koma ya kutopa ili pomwepo, ndiye kuti kutopako kuli ndi gwero lina.

Masainasi pawokha amatopetsa, makamaka chifukwa mphuno yotseka imaononga tulo. Koma sindidikira miyezi itatu ndisanayezetse. Ndimatenga buku langa lakuchipatala, mankhwala onse omwe ndikumwa kuphatikizapo azitsamba, ndi kakope kaja. Mawu oti "ndikungomva kufooka" amabweretsa panado basi. Ndi bwino kunena mwachindunji: kwayamba liti, kodi mumapuma wefuwefu pokwera chitunda, mwaonda, mumatuluka thukuta usiku, mumakodza pafupipafupi, kusamba kumatenga masiku angati ndipo kumachuluka bwanji.

Zoyezetsa zomwe ndimapempha zimayamba ndi kuchuluka kwa magazi. Nambala yake, yotchedwa Hb, yochepera 12 kwa mayi wosayembekezera, 11 kwa woyembekezera, kapena 13 kwa bambo ndi kuchepa kwa magazi. Mupemphe kuti nambala yeniyeniyo ilembedwe m'buku, osati "zili bwino" chabe. Ikapezeka yotsika, funso lotsatira ndi lakuti magaziwo akupita kuti: kusamba kwambiri, njoka za m'mimba, likodzo kwa amene amasamba m'nyanja kapena m'madambo, zilonda za m'mimba zomwe brufen ndi aspirin wakumwa pafupipafupi amayambitsa. Mapiritsi a ayironi amadetsa chimbudzi, zimenezo si zoopsa. Musamwere tiyi chifukwa amatchinga ayironi kulowa m'thupi, ndipo mapiritsiwo amapitirizidwa pafupifupi miyezi 3 Hb itabwerera m'malo. Kenako malungo, pokumbukira kuti kachida koyezera pachala kangasonyezebe kuti alipo patapita masabata angapo mutachira, choncho kumwa LA mobwerezabwereza popanda kutentha thupi si yankho. HIV iyezedwe ngakhale munayezetsa kale, chifukwa masainasi obwererabwerera amakonda chitetezo chotsika. Shuga woyeza musanadye akafika 7.0 mmol/L, kapena 126 pa makina ena, ayezedwenso tsiku lina. Chifuwa cha masabata awiri, kuonda ndi thukuta la usiku zimafuna kuyeza makhololo a TB. Chithokomiro chimayezedwa ndi njira yoyeza magazi yotchedwa TSH, yomwe nthawi zambiri imapezeka ku zipatala zazikulu kapena zolipira. Kwa amayi, kuyeza mimba kusaiwalike.

Zinthu ziwiri sizioneka m'magazi. Choyamba, funsani amene mumagona naye chipinda chimodzi ngati mumaliza mkonono kwambiri n'kumadukiza kupuma. Munthu wotere amagona maola 8 koma amadzuka mutu ukupweteka, kukamwa kouma, n'kumasinza masana mu minibasi kapena pantchito. Chachiwiri ndi nkhawa ndi kukhumudwa. Ngati zinthu zomwe munkazikonda sizikukusangalatsaninso kwa masabata awiri kapena kuposa, zinenedwe momasuka. Ndi matenda okhala ndi chithandizo chake.

Masabata 12 akatha mukutsuka ndi kupopera mosadumphitsa koma osasintha, pemphani kalata yopitira kwa madokotala a makutu, mphuno ndi kukhosi. Njira yake ndi kuchokera ku chipatala chaching'ono, kupita cha pa boma, kenako chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe. Kumeneko amalowetsa kakamera kopyapyala m'mphuno atapopera mankhwala ochititsa dzanzi, n'kuona ngati muli tinyama tomera mkati, mafinya, kapena khoma lapakati lopindika. X-ray wamba ya nkhope siuza zambiri pa vuto lokhalitsa. Chomwe chimaonetsa bwino ndi CT scan, yojambula mkati mwa mutu mwatsatanetsatane, ndipo imathandiza kwambiri ikajambulidwa mutalandira kale chithandizo. Opaleshoni imakulitsa tizibowo tija kuti madzi ndi mankhwala zizifika mkati, koma kutsuka ndi kupopera kumapitirirabe pambuyo pake. Amene ali ndi tinyama ta m'mphuno pamodzi ndi mphumu asamale ndi aspirin, brufen ndi diclofenac, chifukwa kwa ena amabanikitsa koopsa.

Kawirikawiri yankho limachokera kwina. Mamina onunkha otuluka mbali imodzi yokha nthawi zambiri gwero lake ndi dzino lakumwamba lakumbuyo lomwe lawola, popeza mizu yake ili pansi penipeni pa sainasi ya m'tsaya, ndipo mpaka dzinolo litathandizidwa palibe chomwe chingasinthe. Kwa mwana, ganizirani kambewu kapena kapepala kolowa m'mphuno. Ndipo mutu wogunda mbali imodzi, wobwera ndi nseru ndi kudana ndi kuwala, mphuno ili yoyera, kawirikawiri ndi mutu waching'alang'ala, osati masainasi.

Zina sizidikira ndondomeko imeneyi. Kutupa kapena kufiira kozungulira diso, kuona zinthu ziwiriziwiri, kutupa pachipumi, mutu woopsa ndi kutentha thupi kapena khosi louma, kusokonezeka maganizo: pitani tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Amene ali ndi HIV ndipo mutu ukukulirakulira kwa masiku angapo asaganize za masainasi, akayezedwe msanga matenda oumitsa khosi. Mphuno yotseka mbali imodzi yokha, yotuluka magazi mobwerezabwereza, makamaka pali chotupa m'khosi kapena khutu limodzi lasiya kumva, ionedwe ndi madokotala a mphuno m'masabata ochepa.

Zoyeza zonse zikatuluka bwino koma kutopa kulipobe, ndimabwerera ku kakope n'kuyang'ana chinthu chimodzi: kodi tsiku logwira ntchito yolemetsa limatsatiridwa ndi masiku awiri ogona? Ngati ndi choncho, kudzikakamiza kumangowonjezera vuto, ndipo a dokotala ayenera kumva zimenezi m'mawu omwewo, makamaka ngati zinayamba mutadwala COVID-19 kapena matenda ena otentha thupi. Ntchito igawidwe m'zidutswa, kupumula kubwere mphamvu zisanathe. Hb ndi shuga ziyezedwenso pakatha miyezi 3, kapena msanga pakabwera chizindikiro chatsopano monga kuonda, kutupa miyendo kapena kutentha thupi.