Kapinga wanga amafuna mpweya, osati feteleza

Zaka ziwiri ndakhala ndikulimbana ndi kapinga wapakhomo panga, kuthirira ndithirire, feteleza ndithire, koma pomwe ana amaseweretsa mpira ndi pomwe timadutsa pokayanika zovala udzu umangofiira kenako dazi kuti mbee. Zimandiwawa zedi chifukwa kapingayu ndinadzala ndekha.

Tsiku lina ndikuthirira ndinaona kuti madzi sakulowa pansi, akungodikha pamwamba kenako n'kuyenderera kumbali. Ndinatenga msomali wautali kuti ndizike, unakana, ngakhale masentimita 3 sunafike. Dothi linali gwa ngati simenti.

Nkhani yake ndi iyi, dothi labwino limakhala ndi timipata momwe mumadutsa madzi ndi mpweya, ndipo mizu nayo imapuma, imafuna okosijeni ngati ife tomwe. Ndiye tikamapondaponda tsiku ndi tsiku, kapena kuimikapo galimoto, timipata tija timatsekeka makamaka dothi likakhala ladongo, mizu imangoyenda chapamwamba osazama, dzuwa likangoomba masiku angapo udzu wafota, feteleza uja amangokokoloka osafika komwe akufunika.

Poboola dothi kuti mpweya ndi madzi zilowe, ine ndinagwiritsa foloko yam'dimba basi. Ndinathirira dzulo lake kuti dothi lifewe, lonyowa koma osati matope, chifukwa pamatope mumangowonjezera vuto. Mumazika foloko masentimita 8 mpaka 10, kugwedeza pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo, kuzula, kusuntha masentimita 10 kapena 15, kuzikanso, choncho mpaka malo onse adzadze mabowo. Msana umamva ndithu, ine ndinagawa masiku atatu. Musanayambe dziwani kaye momwe munadutsa mapaipi a madzi ndi mawaya a magetsi, chonde izi musazitenge mopepuka.

Koma kunena zoona foloko ili ndi pofooka pake, imangokankhira dothi m'mbali mwa bowo. Pali chida china cha mano obooka mkati ngati timapaipi, chimazula timibulu ta dothi n'kutisiya pamwamba, chimenecho ndiye chabwino kwambiri pa dothi ladongo. Timibuluto musasese, timasungunuka tokha pakatha sabata ziwiri kapena zitatu.

Nditamaliza ndinamwaza kompositi wosefa n'kumusesera m'mabowo kuti asatsekekenso msanga. Nthawi yoboola ikhale pomwe kapinga akukula mwamphamvu kuti achire msanga, osati atauma kale ndi chilala, pamenepo mungomupweteka. Kamodzi pachaka ndi zokwanira, dothi lamchenga silimafunanso pafupipafupi.

Patha mwezi ndi theka tsopano, madzi akulowa bwinobwino, pa dazi paja kapinga wayamba kuyala kuchokera m'mbali, ndipo dzulo ndinapezapo nyongolotsi ziwiri, ndinasangalala koopsa chifukwa zimenezi zimaboola nthaka zokha. Panjira yokayanika zovala paja ndaikapo miyala yopondapo, ana nawo ndawauza kuti golo azisinthasintha malo.