Zomwe ndaphunzira pa kusefa spam pa seva ya imelo

Phunziro lalikulu la sabata ino ndi lakuti sefa ikataya kalata yeniyeni imapweteka kuposa spam khumi zomwe zadutsa. Taganizirani malo ogona alendo ku Senga Bay kuno ku Salima. Mlendo walemba kufuna chipinda, kalata yake yakanidwa pakhomo, ndipo eni malo sadziwa n'komwe kuti analemba.

Pa Postfix, pulogalamu yolandira ndi kutumiza maimelo pa seva, chitetezo choyamba ndi mndandanda wa ma IP (manambala a maadiresi a makompyuta pa intaneti) oipa, monga zen.spamhaus.org wa bungwe la Spamhaus. Apa ndi pomwe ambiri amagwa. Seva yanu ikamafunsa mndandandawu kudzera pa 8.8.8.8, seva ya Google ya DNS (yoyankha mafunso a maadiresi a pa intaneti), Spamhaus imayankha kuti 127.255.255.254, kutanthauza kuti funso lanu lakanidwa. Postfix yomwe simunaiuze mayankho oyenera kuwamvera imatenga yankho limeneli ngati chigamulo, n'kuyamba kubweza makalata onse, abwino omwe. Ikani Unbound, pulogalamu ya DNS, pa seva pomwepo kuti izifunsa yokha, ndipo mzere wa mndandandawu mu Postfix ulembedwe motchula mayankho oyenera kuwamvera kuti zen.spamhaus.org=127.0.0.[2..11].

Kenako SpamAssassin, pulogalamu yosefa spam. Imapatsa kalata iliyonse mapointi, ndipo ikafika pa 5.0 imayesedwa spam. Pachiyambi musataye chilichonse. Kalata zotere zizipita mu foda ya Junk, inu muziwerenga mzere wa X-Spam-Status kuti muone lamulo lomwe lawonjezera mapointi.

Chomwe chandikhudza kwambiri ndi chilankhulo chathu. Gawo la SpamAssassin lotchedwa Bayes, lomwe limaphunzira kuchokera ku mawu a m'makalata, siliyamba kugwira ntchito lisanaone makalata abwino 200 ndi a spam 200. Mumaliphunzitsa ndi sa-learn --ham pa makalata abwino ndi sa-learn --spam pa a spam. Mukalidyetsa makalata abwino a Chingerezi okhaokha, mawu a Chichewa amakhala achilendo kwa ilo, ndiye makalata a alimi a mpunga ku Nkhotakota kapena a ogula nsomba ayenera kulowamo. Komanso TextCat, gawo lozindikira zilankhulo, ilibe Chichewa ngakhale Chiswahili ili nacho. Ndiye ok_languages, pomwe mumalemba zilankhulo zololedwa, isiyeni pa all (zonse), chifukwa mukalemba en (Chingerezi) yokha kalata ya Chichewa ingathe kulangidwa popanda mlandu.

Njira ina ndi greylisting, yomwe imabweza kalata ya wotumiza wosadziwika ndi nambala 450 yomuuza kuti ayesenso, ndipo postgrey, pulogalamu yochita zimenezi, imailola ikatumizidwanso patapita masekondi 300. Imachepetsadi spam, koma imachedwetsa makalata a nambala zachinsinsi zolowera mu akaunti, choncho otumiza amenewo alembeni pa mndandanda wa ololedwa.

Mukamaliza, dzitumizireni kalata yokhala ndi mzere woyesera wa GTUBE, womwe SpamAssassin imautenga ngati spam nthawi zonse, kuchokera kunja, muone mu /var/log/mail.log ngati yagwidwa. Ndipo sa-update, yomwe imatenga malamulo atsopano a SpamAssassin, iziyenda tsiku lililonse kudzera pa cron, pulogalamu yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika.