Lachitatu: mvula, chimanga ndi nambala ya r

Masana mphwanga anatulukira ndi laputopu, nkhope ili gwaa. Ku yunivesite anawapatsa ntchito ya correlation: mbali imodzi alembe mvula ya chaka chilichonse, mbali ina matumba a chimanga a pa ekala, aone ngati ziwirizi zimayenderana. Pulogalamu ya Excel inamupatsa r, nambala yoyeza kuyenderanako, woyandikira 0, iye n'kulemberatu kuti mvula ilibe gawo pa zokolola. Amayi, akusankha nyemba pakhonde, anangoti, "Fizi yonse ija mukuphunzira zimenezi?"

Tinayamba ndi kukumbutsana. Nambala ya r imayambira pa -1 kulekezera pa +1. Ikayandikira +1, ndiye kuti china chikakwera chinzake chimakweranso. Ikayandikira -1, china chikakwera chinzake chimatsika; ikakhala 0, ambiri amati palibe mgwirizano. Masamu ake anawakonza Karl Pearson m'ma 1890, kupitiriza ntchito ya Francis Galton, yemwe ankayerekeza msinkhu wa makolo ndi wa ana awo ku England. Koma r amangoyeza mmene madontho afolera pa mzere woongoka, basi. Apa ndi pomwe ophunzira ambiri amagwera.

"Achimwene, ndiye kompyuta yanama?"

Siinaname. Ndinamuuza ajambule galafu ya madontho, mvula m'munsi, matumba m'mbali. Madontho aja anaunjikana ngati chulu. Kumanzere, zaka za mvula yochepa, zokolola n'zochepa. Pakati zakwera. Kumanja, zaka za mvula yosalekeza, zatsikanso, poti feteleza amakokoloka, mizu imaola m'madzi, munda wina umapita ndi mtsinje. Tinaziona ndi maso: mu 2015 madzi anasefukira ku Nsanje ndi ku Chikwawa, mu 2016 kunagwa chilala cha El Niño, ndipo zaka zonse ziwiri chimanga chinachepa m'dziko muno. Kukwera kwa kumanzere ndi kutsika kwa kumanja kukakumana m'masamu a Pearson kumafafanizana, n'kutsala 0. Mgwirizano ulipo, waukulu ndithu, kungoti ndi wokhota.

Ndinamuonetsanso zimene katswiri wa masamu Francis Anscombe anachita mu 1973. Anapanga magulu anayi a manambala, lililonse la madontho 11, onse r wake 0.816. Ukawajambula safanana n'komwe: lina ndi mzere womwazika pang'ono, lina ndi lokhota, lina r yense wadalira dontho limodzi lomwe lili lokha kutali. Ine ndikanakhala mphunzitsi, wobweretsa r wopanda galafu ndikanamubweza asanakhale pansi.

Madzulo nkhani inatembenuka. Azakhali anabwera kudzanena kuti kamdzukulu kawo katentha thupi, ati ndi malungo chifukwa kakudya mango osapsa. Mphwanga anafuna kuseka, ndinamutsina. Azakhali sanaone molakwa: mango akachuluka pamsika, sipapita nthawi malungo nawonso amachuluka, ndipo wowerengera mwezi ndi mwezi akhoza kupeza ziwirizi zikuyendera limodzi. Chowakankha chonse ndi nyengo. Mango amapsa mvula ikamayamba, ndipo mvula yomweyo imasiya zithaphwi momwe udzudzu wa Anopheles, wofalitsa malungo, umaswana. Mutadula mitengo yonse ya mango m'mudzi, malungo sangachepe ndi pang'ono pomwe.

Azakhali sanagonje, ati ana a masiku ano timakonda kutsutsa akulu. Tinangogwirizana kuti usiku uno mwanayo agone m'neti, mawa m'mamawa ndimuperekeze kuchipatala akamuyeze magazi.