Usiku umene injini inkatsokomola

Lachiwiri usiku tili pa usipa kufupi ndi Senga Bay, injini yanga ya masilinda awiri idayamba kutsokomola, mphamvu n'kuchepa. Tidabwerera kugombe pang'onopang'ono, mtima uli m'mwamba.

M'mawa anzanga ankati vuto ndi kabuleta, koma ine ndidayamba ndi mapulagi. Yam'mwamba inali youma, yofiirira bwinobwino. Yam'munsi inali yonyowa ndi petulo. Nditaigunditsa pachitsulo cha injini n'kukoka chingwe, moto wake unali wachikasu, wofooka, pamene umafunika wabuluu. Ndidaika pulagi yatsopano, osasintha.

Kenako ndidasinthanitsa makoyilo, zipangizo zimene zimatumiza moto ku mapulagi, vuto n'kusamukira ku silinda yam'mwamba. Nditayang'anitsitsa koyiloyo, kawaya kake ka ethi, kolumikiza koyilo ku chitsulo cha injini, kanali katadyeka ndi dzimbiri. Ndidakapala, ndidamangitsa nati, moto wabuluu udabwerera. Madzulo omwewo tidalowanso m'nyanja.